Nazale ya nthochi ku Thekerani: cham'mwamba, deliya ndi mbande za Williams

17 Ogasiti 2024: zitsa ndi zida

Ntchito ndi iyi: kuchulukitsa mbande za nthochi kuchokera ku zitsa, kenako kuona ngati madzi a masamba a cham'mwamba ndi a deliya angazikulitse msanga kuti zipezane ndi mvula yobzalira mu Disembala. Ndizilemba gawo lililonse pamodzi ndi ndalama zomwe zatuluka, kuti wofuna kuyesa adziwe pokonzekera.

Amene munakulira kuno mukukumbukira malole omwe ankachoka ku Thekerani ndi ku Molere atadzaza mikoko, ulendo wa ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Chisaka chinathetsa zonsezo. Matendawa anaoneka koyamba cha ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, nafalikira mpaka kuno, ndipo lero nthochi zambiri za m'misika ya m'tauni zikuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Mbewu yopanda matenda ilipo koma ndi yochepa, mtengo wakenso si wa munthu wamba. Nchifukwa chake chitsa chimodzi chabwino chiyenera kubala ana ambiri, ndipo mwana aliyense ayenera kupulumuka.

Ndagula zitsa 20 za nthochi za mtundu wa Williams kwa mlimi amene munda wake unachokera ku mbewu yoyera, ndipo alangizi athu anauyendera phando ndi phando ndisanakumbe. Ndasankha ana akuluakulu a masamba osongoka amene sanatulutse mkoko. Aja a masamba otambalala akadali ang'ono ndawasiya, chitsa chawo chimakhala chopanda mphamvu.

Zitsa, K1,500 chimodzi, K30,000 zonse. Pulasitiki yoonekera mkati, mamita 10, K25,000. Utuchi matumba 6 pamodzi ndi wakabaza, K8,000. Machubu 200, K10,000. Kasipuleya ka m'manja ka malita 2, K7,000. Sipuleya yaikulu ilipo pa mudzi pano yoti nkubwereka, koma imagwiranso ntchito ya mankhwala ophera udzu, ndipo mbande ya nthochi siichedwa kupsa ndi zotsalira zake. Nsungwi ndi njerwa zakale ndi zapakhomo.

20 Ogasiti: kusenda ndi kuika m'bokosi

Bokosi ndi la njerwa, mamita 3 m'litali, mita imodzi m'lifupi, pansi mchenga ndi timiyala kuti madzi asaime, pamwamba utuchi wofika m'bondo. Utuchiwo tinayamba taufutsa ndi nthunzi mu diramu, madzi pang'ono pansi, thumba pamwamba pa timitengo, moto kwa maola awiri.

Chitsa chilichonse tinachitsuka, kudula mizu yonse, ndi kusenda khungu mpaka choyera chioneke. Zitsa ziwiri zinali ndi timauna ta nankafumbwe wa nthochi, tinasema mpaka mauna atatha. Kenako kuviika m'madzi owira kwa masekondi 30 okha, kuphera tinyongolotsi ta m'mizu ndi mazira a nankafumbwe. Mayi a kunyumba ndiwo ankawerenga mokweza, ine ndikugwira thumba. Musapitirire pamenepo, maso a chitsa amapsa.

Ntchito yofuna mtima ndi yochotsa makoko. Khoko lililonse limadulidwa pang'ono pamwamba pa pomwe lalumikizana ndi chitsa, limodzi limodzi, ndipo pomwe m'mbali mwake mwakumana pamakhala diso. Diso limenelo ndiye mwana. Mukafika pakati, mtima wa chitsa mumaubaya ndi mpeni mopingasa kuti ufe, apo ayi umakula wokha nkupondereza maso onse. Mpeni tinkauviika mu jiki wosungunula tikamachoka pa chitsa china kupita pa china.

Chinthu china chomwe ndikupempha aliyense achite: chitsa chilichonse chapatsidwa nambala. Ndadula zigubu zakale tizidutswa, kulemba ndi msomali wamoto 1 mpaka 20, nkuzika pambali pa chitsa chake.

6 Sepitembala: kuola ndi chiswe

Zitsa zitatu zaola, nambala 4, 9 ndi 16. Zonse zinali kumapeto kwa bokosi komwe pulasitiki inagwa pang'ono, nthunzi ikaundana madzi ankadonthera pamalo amodzi. Fungo ndi lomwe linandiuza. Ndazichotsa pamodzi ndi utuchi wozungulira, kuwaza phulusa, ndi kuonjezera nsungwi yopinda kuti denga likhale lokwera pakati, madzi azitsetsereka m'mbali. Kuthirira ndachepetsa. Utuchi ukafinyidwa m'manja uzimveka chinyezi koma usatulutse dontho.

Chiswe chinalowa pansi pa njerwa za kumpoto. Phulusa lambiri m'mphepete monse ndi masamba a nimu osinja zachibweza.

Zitsa 17 zotsala zayamba kutupa maso, zina zatulutsa kale timinyanga toyera.

14 Sepitembala: kusaka cham'mwamba

Cham'mwamba chimakonda kotentha. Kuno kumapiri chilipo cha apo ndi apo, ndipo nyengo ino mitengo yambiri yayoyola masamba. Kumusi ku Muona ndi ku chigwa chonse cha Shire chili pafupifupi pakhomo lililonse, ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Ndinatuma mnyamata wa njinga yamoto amene amatsikira kumeneko kuti anditengere nsonga zanthete za mitengo ya pafupi ndi mijigo, yomwe imakhalabe yobiriwira. Masamba K2,000, ulendo K5,000.

Anafika atada bii, akutentha, chifukwa anamangidwa mu jumbo ndipo anakhala padzuwa. Masamba a cham'mwamba akaunjikana popanda mpweya amayamba kuphikika pa maola ochepa. Amenewo apita ku kompositi. Ulendo wotsatira anabwera m'dengu, atakutidwa ndi chiguduli chonyowa, ndipo anafika ali bwinobwino.

Chomwe ndikufuna m'masambawa si chakudya cha mbewu ayi. Masamba anthete a cham'mwamba ali ndi zeatin, amodzi mwa mahomoni a zomera omwe amachititsa kuti mbewu iphukire ndi kuchedwa kukalamba masamba. Madzi a kokonati alinso ndi zofanana nazo, ndipo anzathu a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga atha kuyesa amenewo, koma kuno kokonati ndi wosowa. Palinso zogula za m'botolo monga Kelpak, yopangidwa ku South Africa kuchokera ku zomera za m'nyanja yamchere. Ine ndikufuna chomwe mlimi wa pa mudzi angachikonze ndi mtondo.

16 Sepitembala: diramu ya deliya

Deliya ndiye sasowa ku Thyolo, ngakhale wa m'mbali mwa msewu pano ndi wouma. Wobiriwira ndamupeza kudimba, m'mphepete mwa mtsinje. Masamba ndi nsonga zofewa, kuwaza ndi chikwanje, kudzaza thumba, kumanga, kuliponya mu diramu, mwala pamwamba, madzi mpaka kumiza. Kuvundula m'mawa uliwonse. Masamba a deliya ali ndi nayitirojeni ndi potaziyamu wambiri, ndipo nthochi ndi mbewu yanjala ya potaziyamu kuposa zambiri zomwe timalima. Vindikirani diramu ndi neti yakale, apo ayi mukuweta udzudzu pakhomo. Muyiikenso kutali ndi khitchini, fungo lake pakatha sabata si la masewera.

28 Sepitembala: kudula ana

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Mwana wa nthochi ali pa chitsa amadya za make, ndipo m'bokosi muli chinyezi usana ndi usiku. Tsiku lomudula amataya zonse ziwiri nthawi imodzi, ali ngati khanda lolekezedwa kuyamwa mwadzidzidzi. Ambiri amene anayesapo njira ya zitsa amadandaula za masabata awiri amenewa, mbande zimafota, zina kuuma, zotsala kuima osakula mpaka mwezi. Ngati cham'mwamba chili ndi phindu, liyenera kuoneka pano.

Ndadula ana 96 a masamba awiri kapena atatu, aliyense ndi kachidutswa ka chitsa pansi pake. Ena anali ndi timizu tiwiri titatu, ena analibiretu. Ana onenepa kwambiri sindinawachotse, ndawadula pakhosi ndi kubaya mtima wawo monga ndinachitira make, kuti nawonso abale ena. Mabala a pa chitsa ndapaka phulusa.

Dothi la m'machubu: magawo awiri dothi la pamwamba la pansi pa mitengo, gawo limodzi manyowa a khola owolerana, gawo limodzi mchenga wa kumtsinje, zonse zosefa. Aganyu awiri othandiza kusefa ndi kudzaza, K8,000.

Magulu ndi anayi, mbande 24 gulu lililonse. Loyamba madzi okha. Lachiwiri cham'mwamba. Lachitatu deliya. Lachinayi zonse ziwiri. Ana a chitsa chimodzi ndawamwaza m'magulu onse, ndipo opanda mizu ndawagawa mofanana, kuti gulu lina lisapambane chifukwa choti linalandira ana a chitsa champhamvu. Chubu chilichonse chili ndi nambala ya make.

Kakonzedwe ka cham'mwamba: masamba odzaza beseni laling'ono, kusinja mu mtondo ndi kapu imodzi ya madzi, kufinya pa nsalu yoyera. Msuzi wobiriwira umenewo, muyezo umodzi ku miyezo 30 ya madzi. Ine ndimayeza ndi kapu ya tiyi, kapu imodzi ya msuzi ku makapu 30. Ana a gulu lachiwiri ndi lachinayi ndinawaimika m'beseni la madzi amenewa kwa theka la ola asanalowe m'chubu, madzi kumiza kachitsa kokha, kenako kupopera masamba madzulo. Enawo anaima m'madzi wamba nthawi yomweyo.

Mthunzi ndi wa udzu pa nsungwi, wothina bwino, m'mbali mwatchingidwa ndi maneti akale chifukwa cha nkhuku ndi nsabwe za nthochi.

5 Okutobala: msuzi wasasa, deliya wawotcha

Msuzi wa cham'mwamba wotsala ndinausunga m'botolo, ndipo pa tsiku lachitatu unali utachita thovu, ukununkha ngati mowa wa masese. Popanda firiji sukhala. Kutuma njinga ku Muona masabata awiri aliwonse nakonso kudya ndalama. Njira yomwe ndapeza: kuyanika masamba pamthunzi, pa mphasa, osaunjika, mpaka ayambe kuthetheka, kusinja, kusunga m'chigubu chotseka. Masipuni akulu awiri a ufa mu lita imodzi ya madzi, kugona usiku, kusefa kawiri, kuonjezera malita anayi. Sefani ndithu kawiri, kamwa ya kasipuleya imatsekeka ndi kachinyalala kosaoneka nkomwe. Ndazikanso nthambi zinayi za cham'mwamba kuseri kwa khola, komwe kumawomba dzuwa tsiku lonse.

Deliya ndinathira pa muyezo womwe timathirira masamba kudimba, gawo limodzi ku magawo awiri a madzi. Kwa mpiru ndi repu ndi wabwino, koma kwa mwana wa nthochi wa bala laliwisi ndi waukali. M'mphepete mwa masamba munapsa, ndipo mbande zitatu za gulu lachitatu zinaola pakhosi. Ndatsuka machubu onse a gulu lachitatu ndi lachinayi ndi madzi ambiri, ndipo deliya ndamuimitsa mpaka mizu itagwira. Akadzabwerera adzakhala gawo limodzi ku magawo 10.

Chodabwitsa nchakuti gulu lachinayi, lomwe linalandira deliya yemweyo, linapsa masamba koma silinafe ngakhale imodzi.

12 Okutobala: kutentha m'bokosi

Dzuwa la Okutobala lafika. Masana m'bokosi munkatentha moti dzanja silimakhalitsa, ndipo timphukira tatsopano tinawauka nsonga. Ndaika denga la udzu pamwamba pa pulasitiki, mpata wa mkono umodzi, ndipo ndikutsegula kumapeto konse kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko. Madzi nawo avuta, mtsinje waphwa msanga chaka chino chifukwa cha ng'amba ya dzinja lapitali. Mnyamata wotunga, K1,000 patsiku.

19 Okutobala: kung'amba machubu

Masabata atatu chidulire. Ndang'amba machubu atatu pa gulu lililonse, kutsuka dothi m'beseni ndi kuyala mbande pa thumba kuti ndione mizu. Masamba amanamiza, mizu ndiyo imanena zoona za mbande.

Za madzi okha: mizu yoyera itatu kapena inayi, yaifupi ngati chala, yopanda tinthambi. Za deliya yekha: chimodzimodzi, ina yofiirira kunsonga, chizindikiro cha kupsa kuja. Za cham'mwamba, magulu onse awiri: mizu yambiri, ina yafika pansi pa chubu nkuyamba kupinda, ndipo ili ndi timizu ta m'mbali tochuluka togwira dothi moti linkavuta kutsuka. Alangizi atabwera ndinawasakanizira mbande zija osawauza, ndipo anazipatula okha mosavuta.

Zakufa mpaka lero: madzi okha zinayi, deliya zisanu, cham'mwamba imodzi, zonse ziwiri palibe. Zomwe zafa pa gulu la madzi ndi zija zinadulidwa zopanda mizu. Zopanda mizu za m'magulu a cham'mwamba zinafota masiku oyamba, kenako zinadzuka. Ichi ndicho chandikondweretsa koposa, chifukwa ana opanda mizu ndi ambiri pa chitsa chilichonse, ndipo kuwataya ndi kutaya theka la phindu la chitsa.

Zong'ambidwazo ndazibwezera m'machubu atsopano. Deliya wayambanso, gawo limodzi ku 10, kapu imodzi pa chubu, kamodzi pa sabata, pa dothi lonyowa kale. Cham'mwamba kupopera masabata awiri aliwonse, madzulo, kunsi kwa masamba komwe.

2 Novembala: chitsa nambala 11

Tsamba latsopano la mbande ina ya gulu lachinayi linatuluka lopyapyala, loimirira, m'mphepete mwachikasu. Nditaliyang'anitsa kudzuwa, pa msempha wapakati ndi pa phesi panali timizere tobiriwira kwambiri, todukaduka. Ndi chisaka. Nambala ya pa chubu inali 11. Ndinafufuza ana onse a chitsa chimenecho, asanu ndi mmodzi m'magulu onse anayi, ndipo atatu anali ndi timizere tomweto, wina wa madzi okha, wina wa cham'mwamba, wina wa zonse ziwiri.

Ndilembe momveka, chifukwa pa mudzi pano mbiri yayamba kale kuyenda yoti ndapeza mankhwala a nthochi. Cham'mwamba sichichiza chisaka, deliyanso ayi. Madzi owira aja sapha kachilombo kake, kamakhala mkati mwa chitsa, ndipo chitsa chodwala chimapatsira mwana aliyense. Nthochi imatha kutenga kachilomboka masabata angapo isanaonetse chizindikiro, nchifukwa chake ngakhale munda woyenderedwa bwino ungathe kutulutsa chitsa chimodzi chotere. Choopsa nchakuti mbande yodwala yothiridwa zolimbikitsa imaoneka yonenepa, yokopa wogula, ndipo ikapita kumunda kwa munthu imakafalitsa matenda.

Ndinayamba ndapopera madzi a sopo pa ana asanu ndi mmodziwo kuti nsabwe ngati zilipo zife zisanabalalike, kenako kuwazula onse, ooneka bwino omwe, pamodzi ndi make m'bokosi ndi timphukira take. Zonse zadulidwa tizidutswa ndi kukwiriridwa m'dzenje lakuya. Pakanapanda manambala aja, ndikanayenera kusankha pakati pa kutaya nazale yonse ndi kugawira anthu mbande zokayikitsa.

Nsabwe zakuda za nthochi, zomwe zimanyamula chisaka, zimabisala m'makoko pakhosi pa mbande, ndipo chokuuzani kuti zilipo ndi nyerere zokwera ndi kutsika. Ndasuzumira mbande iliyonse, sindinazipeze, koma neti inali ndi zibowo ziwiri zomwe ndasoka. Tsopano ombwe wosinja ndi sopo pang'ono ndikupopera sabata iliyonse. Phando lakale la Kabuthu lomwe linali kuseri kwa mpanda wa aneba tagwirizana kulizula, ndawalonjeza mbande zisanu m'malo mwake.

16 Novembala: cham'mwamba chokha chayamba kutsalira

Zinthu zatembenuka. Gulu la cham'mwamba chokha, lomwe linkatsogola, layamba kuyezuka masamba akumunsi, ndipo masamba atsopano akutuluka ang'onoang'ono. Mizu yambiri ija yamaliza msanga chakudya cha m'chubu, ndipo kupopera sikubwezera chomwe chatha. Gulu la deliya yekha lachira, ndi lobiriwira kwambiri, koma ndi lowonda ndipo limagwedera pakhosi mukaligwira. La zonse ziwiri ndiye lasiyana ndi onse: thunthu lonenepa kuposa chala chachikulu, masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, msinkhu wopitirira masentimita 30. La madzi okha lili pa masamba atatu kapena anayi, lili moyo bwinobwino koma latsalira pafupifupi masabata atatu.

Kuyerekeza ndakusiyira pamenepa. Cholinga ndi mbande za kumunda, ndiye magulu onse tsopano akulandira deliya, ndipo la madzi okha layambanso kupoperedwa. Ana a ulendo wachiwiri, 58, omwe ndinadula kumapeto kwa Okutobala, onse ayenda njira imodzi: kuviika mu cham'mwamba tsiku lodula, kupopera masabata awiri aliwonse, deliya wochepa mphamvu kuyambira sabata yachitatu. Mwa amenewa ndachotsa anayi a nambala 11, ndipo afa awiri okha. Ufa wouma ukugwira ntchito, koma poviika tsiku lodula ndikulimbikira masamba aawisi, chifukwa ndi omwe ndinaona zotsatira zake ndi maso.

30 Novembala: kuzolowetsa dzuwa

Udzu wa pa mthunzi ndikuchotsa pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa atatu sabata iliyonse. Machubu ndawasuntha kuti mizu yoboola pansi iduke, ndi kuwatalikitsa kuti masamba asaphimbane. Kuthirira tsiku limodzi, kudumpha lina. Mayenje akumbidwa, masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komwe, mamita 3 kutalikirana, ndowa ziwiri za manyowa kusakaniza ndi dothi lapamwamba. Aganyu okumba mayenje 50, K25,000.

21 Disembala: kumunda

Mvula yanyowetsa nthaka mokwanira. Zalowa m'munda mbande 50, zoyamba zonse za gulu lachinayi, kenako zosankhidwa mwa a cham'mwamba ndi a deliya. Dzulo lake ndinazipopera cham'mwamba komaliza ndi kuzithirira kwambiri, ndipo pong'amba machubu dothi silinagumuke, mizu yaligwira. Khosi lakwiriridwa pang'ono kupitirira pomwe linali m'chubu, udzu wouma kuzungulira koma osakhudza thunthu. Manambala a zitsa apita nawo kumunda, aliyense pa kamtengo kake.

Za madzi okha ndi za ulendo wachiwiri zidikira Januwale. Ndalama zonse zomwe zatuluka ndi pafupifupi K190,000, zambiri mwa izo zitsa, pulasitiki, madzi ndi mayenje. Cham'mwamba, kuphatikiza maulendo a ku Muona, chadya K21,000, deliya sanadye kanthu koma thukuta. Nthambi zitatu mwa zinayi zomwe ndinazika kuseri kwa khola zaphuka, ndiye chaka chamawa njinga siidzafunika.

Zisanu za aneba ndapereka. Zotsala sizituluka pa nazale mpaka alangizi adzazionenso imodzi imodzi sabata yoyamba ya Januwale.